Khungu la selo ndi lamadzimadzi, koma silimwazika

Mng'ono wanga, mwafunsa kuti ngati buku la Biology likunena kuti khungu lokuta selo ndi lamadzimadzi, nanga bwanji zam'kati mwa selo sizikhuthukira panja. Yankho lagona pa timafuta totchedwa phospholipid, timene timapanga khungulo.

Kamolekyu kalikonse ka timafutati kali ndi mutu wokonda madzi ndi michira iwiri yothawa madzi. Popeza kunja ndi m'kati mwa selo muli madzi, timafutati timafola mizere iwiri, mitu kuloza kumadzi, michira kubisala pakati, kotero kuti madzi omwewo ndi amene amachititsa khungulo kukhala logwirana. Asayansi Gorter ndi Grendel adafika pa mfundo ya mizere iwiriyi mu 1925 atayeza mafuta a m'maselo ofiira a magazi. Kamolekyu kamatsetsereka cham'mbali n'kumasinthana malo ndi tinzake, koma kutuluka mumzere n'kovuta, chifukwa michira ingakumane ndi madzi. Mu 1970 asayansi ena, Frye ndi Edidin, adalumikiza selo ya mbewa ndi ya munthu, ndipo patatha mphindi pafupifupi 40 mapuloteni a pakhungu la maselo awiriwa adali atasakanikirana, kusonyeza kuti zinthu za m'khunguli zimayendayenda. Dzina la fluid mosaic, lofotokoza khungu lamadzimadzi lokhala ndi mapuloteni apa ndi apo, adabwera nalo asayansi Singer ndi Nicolson mu 1972.

Chimene ine ndimafuna kuti ophunzira achimvetse kwambiri n'chakuti kufewa kwa khunguli kuli ndi muyeso wake. Siyani msuzi wa nyama ya mbuzi mumphika usiku wa mu Juni kuno ku Zomba, m'mawa mudzapeza mafuta ataundana pamwamba, oyera mbee, pomwe mafuta a mpendadzuwa ali m'botolo pambali pake akuyenderera bwinobwino. Mafuta a mbuzi ali ndi michira yambiri yowongoka imene imathithikana kukazizira, pamene a mpendadzuwa michira yake ndi yopindika ndipo imasiya mipata. M'khungu la selo muli mitundu yonse iwiri, ndipo nsomba za m'madzi ozizira, monga trout za m'mitsinje ya paphiri la Zomba, zimachulukitsa michira yopindikayo kuti khungu lisaume.

Kolesitelo, mtundu wina wa mafuta amene ambiri timangomumvera mbiri yoipa kuchipatala, ali ndi ntchito yaikulu pano. Amalowa pakati pa michira, ndipo kukatentha amachepetsa kutakataka kwa timafutato, kukazizira amatiletsa kuthithikana. Khungu likauma kwambiri, mapuloteni olowetsa shuga ndi mchere m'selo amalephera kugwira bwino ntchito, ndipo likafewa mopitirira limayamba kudontha.