Amene anakusiyani pa Nkhoma, musapite nawo ku Sapitwa musanakambirane

Achemwali ena a ku Area 25 andilembera imelo. Akuti iwo ndi anzawo a kuntchito akukonza zopita ku Mulanje mwezi wa Julayi kukakwera Sapitwa, nsonga yayitali kwambiri ya phiri la Mulanje. Pokonzekera anakwera phiri la Nkhoma, koma anyamata awiri othamanga anawasiya m'mbuyo, n'kukafika pamwamba okha. Iwo anatsala pamalo otsetsereka, miyendo ikunjenjemera, opanda wowagwira dzanja. Mmodzi mwa anyamatawo wawaitananso kuti akayambe kukwera matanthwe ndi chingwe, iye azikawagwirira. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi vuto ndi ine wofooka, kapena ndi anzangawa?"

Achemwali, vuto si inu. Mphamvu zimabwera, mukamakwera phiri la Bunda Loweruka lililonse mudzadabwa nokha mmene mpweya ukukwanirirani. Chimene sichibwera ndi masewera olimbitsa thupi ndi mtima wocheukira mnzako. Ndipo paphiri mtima umenewo ndi umene umabweza anthu kunyumba.

Ndiyambe ndi Nkhoma, poti mwaliona ndi maso anu. Mukapatuka pa Kamphata n'kufika ku mishoni, njira imayamba bwinobwino, anthu akucheza, akujambulana. Chakumtunda, mukadutsa kanyumba kogona alendo kaja, zinthu zimasintha: manja amayamba kugwira ntchito, ugwire mwala apa, ugwire muzu apo. Pamenepo ndi pamene mumadziwira munthu. Mnzanu weniweni amaima pamwamba pa malo ovutawo, n'kukuuzani kuti phazi lamanzere muliponde pakamng'alu aka, ndipo sachoka mpaka mutadutsa. Wina amangokuwa ali kutali kuti "fulumirani, dzuwa likupita", kenaka mumangomuona malaya akuzimiririka m'thengo. Nkhoma imakhululuka, chifukwa midzi ili pafupi ndipo ulendo wake ndi wa tsiku limodzi. Mulanje sakhululuka choncho.

Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, pomwe ife kuno ku Lilongwe timakhala pa mamita ongopitirira pang'ono 1,000. Ambiri amayambira ku Likhubula, kukagona pa kanyumba ka alendo ka Chisepo, n'kulawirira m'mamawa kukwera nsongayo. Kuchoka pa Chisepo si njira yoyenda manja ali m'thumba ayi. Ndi miyala ikuluikulu, pena mukwawe pansi pake, pena mudzipanikize pakati pa matanthwe awiri chikwama mutavula. Tsono Juni ndi Julayi ndi miyezi ya chiperoni. Kumwamba kungakhale kuli mbee 9 koloko, pofika masana nkhungu yatseka moti munthu ali mapazi khumi patsogolo simumuona, mwala wanyowa, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Usiku kumazizira kufika poti udzu umadzuka utayera ndi chisanu. Dzuwa nalo nyengo imeneyi limalowa 6 koloko isanakwane. Mu 2009, mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anamwalira paphiri limeneli atasiyana ndi womuperekeza n'kupitirira yekha. Anali munthu wozolowera maulendo. Sindikunena izi kuti ndikuopsezeni, koma kuti muone kuti kugawikana kwa gulu kumene kunangokukwiyitsani pa Nkhoma, pa Sapitwa kungathe kukhala maliro.

Ndiye chitani chonchi. Musanalipire ndi kobiri lomwe la ulendowu, khalani pansi nonse, osati pa WhatsApp, koma maso ndi maso. Mugwirizane kuti liwiro la gulu ndi la munthu wochedwetsetsa, ndipo iyeyo aziyenda pambuyo penipeni pa woperekeza, othamanga aja azitseka kumbuyo. Mugwirizanenso ola lobwerera. Likakwana, kaya nsonga ikuoneka pafupi bwanji, nonse mutembenuke. Ndipo aliyense akhale ndi ufulu wonena kuti "tibwerere" popanda kusekedwa kapena kukumbutsidwa za ndalama za thiransipoti zimene zapita. Apa ndi pamene pamavuta kwenikweni, chifukwa munthu wachokera ku Lilongwe, wadutsa Dedza, Ntcheu, Blantyre, wapempha tchuthi kwa abwana, ndiye kubwerera osajambulitsa pamwamba kumawawa. Poyankhula zimenezi, muwayang'ane nkhope anyamata awiri aja. Akamvetsera n'kuvomera kuti pa Nkhoma sanachite bwino, pitani nawo, anthu amaphunzira. Akaseka n'kunena kuti mukuchulutsa mantha, asiyeni apite okha. Akuluakulu anati kuyenda awiri si mantha.

Woperekeza mutenge ndithu, ndipo mumumvere. Anthu a ku Likhubula aja phirili analikulira, mtambo akauona amadziwa chimene ukubweretsa. Zimandipweteka ndikaona anthu a m'tauni akukangana ndi woperekeza ngati kuti anamulemba ntchito yongonyamula katundu. Akati lero sitikwera, mawu ake akhale omaliza.

Tsopano za chingwe, zimene kwa ine ndi nkhani yaikulu kuposa ya Sapitwa. Mukakhala pathanthwe mamita makumi awiri kuchokera pansi, moyo wanu wonse uli m'dzanja limodzi la munthu amene ali pansiyo. Dzanja logwira chingwe kumunsi kwa kachipangizo ka belay (kamene kamathandiza kuimitsa chingwe wokwera akagwa) silichoka pachingwepo, ngakhale foni ilire, ngakhale njuchi imutere pamphuno. Musanachoke pansi mumayenderana: iye aone ngati harness yanu (lamba womangirirapo chingwe) yamangidwa bwino m'chiuno ndiponso ngati mfundo yanu ya eyiti (yooneka ngati nambala 8, yolumikiza chingwe ku harness) yatha bwino, inunso muone ngati chingwe chalowa moyenera m'kachipangizo kake ndipo karabina (ngowe yachitsulo yolumikiza kachipangizoko ku harness yake) yatsekedwa. Kumapeto kwa chingwe kukhale mfundo, kuti pokutsitsani chisapulumuke m'manja mwake. Izi zimachitika ulendo uliwonse, ngakhale mwakwera limodzi zaka zambiri. Munthu amene amanyansidwa mukamuyendera, kapena amagwira chingwe maso ali kwa anthu ocheza nawo, ameneyo musamupatse moyo wanu, ngakhale akhale katswiri wokwera ngati buluzi.

Kodi mnyamata amene sanakudikireni pa Nkhoma angakugwirireni chingwe? Mwina angathe, koma musakayesere pathanthwe. Kuno kwathu tili ndi mwayi: a Climb Malawi ali ndi khoma lophunzirira kukwera ku Area 18, kufupi ndi kwanu komweko. Pitani naye kumeneko, ophunzitsa akuonetseni nonse awiri, ndipo wina wodziwa aime pambali pake pamene akukugwirirani koyamba. Inunso muphunzire kugwirira ena, musakhale wongokwezedwa. Mukadziwa ntchitoyo ndi manja anu, mudzatha kuzindikira msanga amene akuichita mosasamala. Komanso malo ngati amenewo ndi kumene mungapeze anzanu atsopano, kuphatikizapo atsikana ndi amayi anzanu amene amakwera.

Julayi asanafike, ndikupempheni ulendo umodzi woyeserera ndi gulu lomwelo, malamulo aja mutagwirizana kale. Phiri la Dedza ndi labwino pa zimenezi, ndi lalitali pafupifupi mamita 2,200, kumazizira, ndipo mutha kupita ndi kubwerera tsiku lomwelo. Nyamulani zikwama zolemera ngati mmene mudzanyamulire ku Mulanje, jekete losalowa madzi, tochi, madzi okwanira ndi kamba. Muuze wina kunyumba kumene mwapita ndi nthawi imene mukuyembekezeka kubwera. Kenaka muone ngati anzanuwo adzacheuke mukaima kumanga nsapato. Mukadzabwerako mundilemberenso, tidzakambirane za katundu wofunika pa Chisepo.