Kriketi kapena sukulu? Mayi ndi mwana wanu, tamvani za Frank Tyson

Mayi wina wa ku Blantyre wandilembera za mwana wawo wamwamuna yemwe ali Fomu 3. Akuti mnyamatayu amaponya mpira wa kriketi mwaliwiro loti anzake amachita kuuthawa, makochi akumutama, ndipo tsopano wayamba kunena kuti sukulu ikungomuchedwetsa. Teremu yathayi Chingerezi ndi masamu sizinamuyendere. Mayiwa amalakalaka mwanayo atadzakhala mphunzitsi, koma iye akuti uphunzitsi ndi ntchito ya anthu amene zina zinawakanika. Akufunsa ngati kuli bwino kumulanda zida zake n'kumuletseratu masewerawa.

Mayi, musamulande. Mukatero, mwanayo ayamba kuona mabuku ngati mdani amene wamuchotsera chinthu chomwe amachikonda, ndipo mwana wodana ndi buku sakhoza mayeso ngakhale mutamutsekera m'chipinda tsiku lonse. Koma nayenso asaganize kuti ndikumuikira kumbuyo pa zosiya sukuluzo. Yankholi muwerengere limodzi, chifukwa ndikufuna nonse awiri mumve za munthu wina amene ankaponya mpira mwaliwiro loopsa m'nthawi yake, kenako n'kukagwira choko.

Dzina lake ndi Frank Tyson. Anabadwa pa 6 June 1930 ku Farnworth, m'chigawo cha Lancashire ku England, m'banja la anthu wamba. Timu ya kwawo ya Lancashire inamuyesa koma sinamutenge, motero anakasewerera Northamptonshire. Chimene chinkamusiyanitsa ndi anzake olipidwa a nthawi imeneyo n'chakuti iye anapita ku yunivesite. Anaphunzira mabuku a Chingerezi ku Durham, ndipo anali ndi ziyeneretso za uphunzitsi. M'zaka za m'ma 1950 osewera ambiri amene ankadya za kriketi anali anyamata osiya sukulu msanga, kotero munthu wonyamula mabuku pa ulendo wa timu ankaoneka wachilendo. Tyson ankawanyamula, ndipo mbiri yake imati m'malo monyoza womenya mpira kuti amusokoneze, iye ankamulakatulira ndakatulo.

Anayamba kusewerera dziko lake mu 1954, pa masewera a Test (masewera a mayiko otenga masiku angapo) olimbana ndi Pakistan pa bwalo la The Oval ku London. Chaka chomwecho Len Hutton, kaputeni wa England, anamutenga pa ulendo wa ku Australia wokalimbirana chikho cha Ashes, chimene England ndi Australia amalimbirana. Masewera oyamba ku Brisbane anali manyazi okhaokha: Tyson anatulutsa womenya mpira mmodzi yekha, adani n'kumukolola ma run (mapointi a kriketi) 160, ndipo England inagonja moipa. Apa ndiye mnyamata wathu atchere khutu. Tyson sanakakamire kuti iye amadziwa kale. Anafupikitsa mtunda umene ankathamanga asanaponye, kuti asamafike potulutsa mpira mphamvu zitathera panjira. Ku Sydney, iye akumenya, mpira woponyedwa ndi Ray Lindwall wa ku Australia unamuwomba kunkhongo mpaka anakomoka n'kutengeredwa kuchipatala. Anabwerera m'bwalo, ndipo pa masewera amenewo anatulutsa omenya 10, England n'kupambana ndi ma run 38. Ku Melbourne anachita zimene okonda kriketi amasimbabe mpaka lero: omenya 7 pa ma run 27 okha. Pa masewera onse a Ashes amenewo anatulutsa omenya 28, England inatenga chikho popambana 3-1, ndipo manyuzipepala ankangomutchula kuti Typhoon, kutanthauza namondwe. Richie Benaud wa ku Australia, amene anasewera molimbana naye n'kudzakhala zaka zambirimbiri akuulutsa kriketi, ankanena kuti sanaonepo woponya waliwiro kuposa Tyson.

Tsopano, mwana wanga, tiwerengere limodzi. Munthu ameneyu, amene dziko lonse la kriketi linkamuopa, anasewera masewera a Test 17 okha. Anatulutsa omenya 76, ndipo pa aliyense ankapereka ma run osakwana 19. Iwe ukudziwa kuti chiwerengero chimenechi n'chosowa. Koma masewera ake omaliza a Test anali mu 1959, ali ndi zaka 28, ndipo mu 1960, ali ndi zaka 30, anasiyiratu kriketi yapamwamba. Anamwalira pa 27 September 2015 ku Queensland ali ndi zaka 85. Kuchokera pamene anavula yunifolomu kufika pamene anatsikira kuli chete panadutsa zaka 55. Funso limene ndikufuna ulilingalire si lakuti udzafika pamene anafika Tyson kapena ayi. Tingoyerekeza kuti wafikapo. Zaka 55 zotsalazo uzidzadzuka m'mawa kupita kuti?

Sikuti anatopa nawo masewerawa, koma thupi ndi limene linakana. Atangobwerako ku Australia anayamba kuvutika ndi chidendene, kenako kakolo, ndipo liwiro lija linayamba kuchepa. Woponya mwaliwiro amathamanga n'kuponda ndi mwendo wakutsogolo mwamphamvu zoposa kulemera kwa thupi lake kangapo, msana ukupindika ndi kupotoka nthawi imodzi, ndipo amachita zimenezi mobwerezabwereza tsiku lonse. N'chifukwa chake pa osewera onse a kriketi, oponya mwaliwiro ndi amene amavulala kawirikawiri, makamaka achinyamata amene mafupa awo akukulabe. Fupa la m'munsi mwa msana limatha kuchita mng'alu pang'onopang'ono mwana osadziwa. Ku England bungwe loyendetsa kriketi linachita kuika malamulo ochepetsa kuchuluka kwa mipira imene mwana angaponye pa tsiku malinga ndi msinkhu wake. Mayi, ngati pali chinthu choti mukafunse kochi, n'chimenechi: kodi amawerenga mipira imene mwana wanu akuponya pa sabata? Ndipo mwanayo akayamba kudandaula msana kwa masiku angapo, musathamangire mankhwala opaka. Apume, akaonedwe kuchipatala.

Mu 1960 Tyson anasamukira ku Australia, kwawo kwa mkazi wake, dziko lomwe lija analiliza, n'kuyamba ntchito pa sukulu ya Carey Baptist Grammar ku Melbourne. Anthu ambiri akamva zimenezi amaganiza kuti ankangophunzitsa masewera. Ayi ndithu. Ankalowa m'kalasi kukaphunzitsa Chingerezi, Chifalansa ndi mbiri yakale, ndipo patapita nthawi anadzakhala mkulu wa gawo la zilankhulo. Kutchuka kungakutsegulire chipata cha sukulu kuti ukalankhule ndi ana tsiku lopereka mphoto, koma sikungakupatse kalasi ya Chifalansa. Kalasiyo anaipeza chifukwa cha zimene anawerenga ali mnyamata, pa nthawi imene akanatha kunena ngati iwe kuti mabuku akumuchedwetsa.

Chimene chimandigwira mtima pa moyo wa bamboyu n'chakuti uphunzitsi sunamuchotse mu kriketi, koma unamubwezamo mozama kuposa kale. M'ma 1970 anakhala mkulu woyang'anira ukochi m'chigawo cha Victoria, ntchito yophunzitsa osewera ndi makochi omwe. Anaulutsa kriketi pa wailesi ndi pa kanema kwa zaka zambiri, analemba mabuku ochuluka, ndipo cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anaitanidwa ku Mumbai, ku India, kukasula anyamata oponya mpira. Ena mwa amene anadutsa m'manja mwake, monga Abey Kuruvilla ndi Paras Mhambrey, anadzasewerera India, ndipo Mhambrey pambuyo pake anadzakhala kochi wa oponya mpira a timu ya dzikolo. Akatswiri ambiri amakanika ukochi chifukwa zimene iwo ankachita zinkangochitika zokha m'thupi mwawo, moti ukawafunsa kuti amatani, amangoti ponya ngati ine. Mphunzitsi satero. Amadziwa kugawa chinthu chovuta m'magawo, kuona pamene mwana wasokonekera, kufotokoza kachiwiri m'njira ina osapsa mtima, n'kukonzeratu phunziro la mawa. Ine ndimakhulupirira kuti anthu a ku Mumbai sanaitane Tyson chifukwa cha omenya 7 a ku Melbourne okha, pakuti oponya otchuka analipo ambiri. Anaitana munthu wodziwa kuphunzitsa.

Choncho mawu ako oti uphunzitsi ndi wa olephera sindikuwalandira, ndipo andipweteka. Kochi amene akukutamayo, chimene akuchita nawe ndi uphunzitsi. Tsiku limene anakugwira dzanja n'kukuonetsa kagwiridwe ka mpira pa msoko, anali mphunzitsi. Ndiponso Tyson sali yekha. Frank Worrell, kaputeni wolemekezeka wa West Indies, anaphunzira ku yunivesite ya Manchester akusewerabe, ndipo atapuma anakagwira ntchito yoyang'anira ophunzira pa University of the West Indies.

Mayi, mwina mumtima mukuti akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndiye bwanji ndikumulola mwanayu kugwira ziwiri? Nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo ana ambiri agwadi motero. Koma amene amagwa kawirikawiri ndi aja amene alibe dongosolo, amene kunyumba amabisa za masewera ndipo kubwalo amabisa za sukulu. Mwana amene amadziwa kuti 4 koloko ali kubwalo, 7 koloko ali pa tebulo, nthawi zambiri amasamala nthawi kuposa mnzake amene masana onse ali pa foni.

Pali kusiyana kumodzi pakati pa Tyson ndi mwana wanu kumene sindingakubisireni, ndipo kukulimbitsa mbali ya sukulu. Tyson anakulira m'dziko limene matimu a zigawo ankalemba osewera ntchito n'kumawalipira. Kuno kwathu kriketi ikukula, timu ya dziko imasewera ndi mayiko ena, ndipo kuvala yunifolomu ya Malawi ndi ulemu woti mnyamata aulakelake. Koma malipiro oti munthu n'kudyetsa banja chaka chonse ndi osowa. Amene amalota zokasewera ku South Africa kapena ku England adziwe kuti njira yodziwika kwa wachinyamata imadutsa pa sukulu kapena koleji, ndipo kumeneko amafunsa zotsatira za m'kalasi pamodzi ndi za kubwalo. Ngati munthu wa ku England, amene ankalipidwa, anafunikira digiri, kuli bwanji ife?

Nazi tsono zoti muchite. Fomu 3 si kalasi yopumira, chifukwa mayeso a MSCE amafunsa za Fomu 3 ndi Fomu 4 pamodzi. Kuti munthu aganiziridwe malo m'mayunivesite a boma amafunika makirediti 6, ndipo imodzi mwa iwo iyenera kukhala ya Chingerezi. Ndiye phunziro limene mwana wanu walilekererali ndi limene lingamutsekere khomo ngakhale atakhoza ena onse. Yambirani pamenepo. Khalani naye pansi, ngati n'kotheka pakhalenso amalume ake kapena wamkulu wina amene amamumvera, mugwirizane masiku opita kubwalo ndi maola owerenga, ndipo pangano likhale lomveka: magiredi akakwera, masewera apitirira, akatsika, masiku akubwalo achepa mpaka zitakonzeka. Achepe, osati atheretu. Kochi adziwe za panganoli kuchokera kwa inu mwini, pamaso pa mwanayo. Kochi wabwino adzakuthandizani, pakuti mawu amodzi ochokera kwa iye amalemera kuposa anu khumi pa msinkhu umenewu. Kochi amene angakuuzeni kuti sukulu ilibe ntchito, mwana wanu mumuchotseko.

Inunso mayi ndili nanu mawu. Musamukakamize uphunzitsi chifukwa choti ndi umene inu mukuuona. Ntchitoyi kuno ndi yolemetsa: makalasi odzaza, malipiro osakwanira, ndipo ena amamaliza kosi n'kukhala nthawi yaitali akudikira kulembedwa. Wolowamo mokankhidwa amazunzika, n'kumazunzanso ana a eni. Pali njira yosavuta yoyesera ngati mwanayu ali ndi mtima wake. Loweruka lililonse asonkhanitse ana ang'onoang'ono a m'dera lanu, anyamata ndi atsikana, aziwaphunzitsa kugwira mpira ndi kuponya, ngakhale ndi mpira wa tenesi. Inu muzingoyang'ana. Kodi kamwana kakalephera kachisanu, iye amakwiya kapena amasintha kafotokozedwe? Kodi amabwera kunyumba akusimba za mwana amene lero wakwanitsa? Miyezi ingapo ikuuzani zambiri kuposa ine.

Mukaona kuti mtimawo ulipo, njira zake n'zodziwika. Wofuna kuphunzitsa ku pulayimale amapita ku makoleji a aphunzitsi, ma TTC. Wofuna sekondale angayang'ane ku Domasi College of Education ku Zomba, Nalikule College of Education ku Lilongwe, kapena digiri ya zamaphunziro ku University of Malawi ndi ku Mzuzu University. Asankhe phunziro lenileni la m'kalasi limene amalikonda, kaya ndi zilankhulo, sayansi kapena masamu, monga anachitira Tyson, ukochi ubwere pamwamba pake. Mphunzitsi wotha kuyendetsanso timu amakhala ndi mwayi woposa anzake, makamaka m'sukulu zimene zimalemekeza masewera. Za satifiketi ya ukochi akafunse ku bungwe loyendetsa kriketi m'dziko muno. Bungwe la kriketi la dziko lonse, ICC, lilinso ndi maphunziro oyambira ukochi pa intaneti.

Iwe mnyamata, ntchito yako sabata ino ndi imodzi. Tenga pepala lako la Chingerezi la teremu yathayi, upite nalo kwa aphunzitsi ako, uwapemphe akuonetse pamene unataya malikisi ambiri, kaya ndi pa chimangirizo, pa galamala kapena pa kumvetsa nkhani. Mayi, teremu ikubwerayi ikatha mundilemberenso, mundiuze magiredi ake ndi zimene kochi anayankha pa nkhani ya kuwerenga mipira ija.