Funsani Dokotala: Ndinasiya shuga, nanga bwanji sikelo yangoima?

Makalata okhudza shuga achuluka mwezi uno, ndipo ambiri achokera kwa anthu amene akufuna kuchepetsa thupi. Ndasankhapo anayi. Maina ndachotsa monga mwa nthawi zonse.

Adokotala, ndine mayi wa zaka 41, ndipo ndimalemera makilogalamu 88. Miyezi iwiri yapitayo ndinasiyiratu shuga. Tiyi ndimamwa wopanda kanthu, pamene kale ndinkathira masupuni atatu m'kapu iliyonse, katatu patsiku. Sabata yoyamba ndinatsika makilogalamu awiri, koma chichokereni pamenepo sikelo yangoima. Mnzanga akuti shuga ndi poizoni ndipo akadali m'thupi mwanga. Kodi ndi zoona? Ndikulakwitsa pati?

Mayi, mnzanuyo akukufunirani zabwino, koma pamenepa waphonya. Shuga samatirira m'thupi miyezi iwiri ngati dzimbiri pachitsulo. Shuga wa m'tiyi akafika m'matumbo amagawika pawiri, gulukozi ndi fulakitozi. Gulukozi amalowa m'magazi n'kukadyetsa minofu ndi ubongo, ndipo ubongo wokha umatha magalamu pafupifupi 120 patsiku. Fulakitozi wambiri amakathera kuchiwindi. Pakapita maola ochepa nkhani yatha: wina wagwira ntchito, wina wasungidwa. Ngakhale mutapanda kulawa chotsekemera chilichonse, m'magazi mwanu shuga sangasowe, chifukwa thupi limamupeza kuchokera ku sitachi wa mu buledi, mpunga kapena mbatata, ndipo usiku muli m'tulo chiwindi chimamutulutsa chokha. Chinthu chotere sitingachiike m'gulu limodzi ndi mankhwala a makoswe.

Makilogalamu awiri a sabata yoyamba aja, pepani kukukhumudwitsani, ambiri mwa iwo anali madzi. Thupi lili ndi nkhokwe ya gulukozi m'chiwindi ndi m'minofu, pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo galamu iliyonse imasungidwa pamodzi ndi magalamu atatu a madzi. Munthu akangoyamba kudzimana, makamaka masiku oyamba pamene mtima uli wotentha ndipo akuchepetsa chilichonse, nkhokwe imeneyi ndi imene imayamba kutsika, madzi ake n'kutuluka ndi mkodzo. Mafuta sachoka mothamanga chonchi. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700, ndipo kalori ndi muyeso wa mphamvu imene chakudya chimapatsa thupi.

Tsopano tiwerengetsere limodzi. Supuni yaing'ono ya shuga ndi magalamu 4, ndipo galamu iliyonse ndi makalori 4. Masupuni anu 9 apatsiku anali magalamu 36, kapena makalori 144. Mukanachotsa amenewa osasintha china chilichonse, pamiyezi iwiri mukanataya mafuta okwana kilogalamu imodzi kapena kupitirira pang'ono. Si zochepa ayi, koma si zozizwitsa zimene anthu amalonjeza. Ndiye vuto lake nali: makalori 144 amabwerera mosavuta kudzera pakhomo lina. Masilayisi awiri a buledi ndi omwewo. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ndi makalori pafupifupi 120, chifukwa mafuta ali ndi makalori 9 pa galamu, kuposa shuga kawiri.

Ndikukumbukira bambo wina amene anabwera m'chipinda changa ali wokwiya, akuti anamunamiza. Anasiya shuga miyezi itatu koma lamba sanasunthe bowo ngakhale limodzi. Titakambirana bwinobwino zinadziwika kuti tiyi wopanda shuga ankamuwawa pakamwa, ndiye ankamwera buledi wopaka majarini wambiri kuti atsike. Poyamba ankadya masilayisi awiri, tsopano anayi. Iye sankaona kuti wawonjezera kanthu, pakuti maso ake onse anali pa shuga.

Zimenezi akatswiri anaziona kale. Mu 2013 magazini ya zachipatala ya BMJ inasindikiza kafukufuku amene anasonkhanitsa zotsatira za akafukufuku ambiri. Anthu amene anauzidwa kuchepetsa shuga anatsika ndi makilogalamu pafupifupi 0.8. Koma pamene shuga anachotsedwa n'kuikapo sitachi wa makalori ofanana, kulemera sikunasinthe. Ndiye kuti shuga amanenepetsa chifukwa cha makalori amene amabwera nawo, ndipo kuopsa kwake n'kwakuti makaloriwo amalowa mosamveka, munthu osakhuta.

Pamenepa ndi pomwe ine ndimalimbikira za zakumwa. Kachitini ka mamililita 330 ka chakumwa chotsekemera cha mtundu wa kola kali ndi shuga magalamu pafupifupi 35, omwe ndi masupuni 9 kusiyako pang'ono. Palibe munthu angakhale pansi n'kutafuna masupuni 9 a shuga wouma, koma kachitini timakatha m'mphindi zitatu, kenako n'kudya chakudya chathu chonse ngati sitinamwe kanthu. Mimba siwerengera zamadzimadzi monga imachitira ndi zotafuna. M'kalata yanu simunatchule za juwisi, zakumwa za m'botolo, yogati wotsekemera kapena mowa. Ngati zilipo, yambirani pamenepo.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2015, silinanene kuti shuga asiyidwe. Linati shuga wochita kuthira, kuphatikizapo wa mu uchi ndi mu juwisi, asafike 10 peresenti ya makalori apatsiku, ndipo zingakhale bwino koposa atatsika pansi pa 5 peresenti. Kwa munthu wamkulu wodya makalori 2,000, malire oyambawo ndi magalamu 50, masupuni 12, ndipo achiwiriwo ndi magalamu 25, masupuni 6. Choncho ngati tiyi wowawa akukuchititsani kudya zambiri, supuni imodzi m'kapu si tchimo.

Chimene ndikupempha n'chakuti kwa masiku asanu ndi awiri mulembe chilichonse cholowa m'kamwa, kuphatikizapo zolawa pophika ndi zotsala m'mbale za ana. Yezani mafuta ophikira ndi supuni m'malo mongokhuthula botolo. Theka la mbale yanu likhale masamba, ndipo pachakudya chilichonse pasasowe chomanga thupi monga nyemba, mazira, nsomba kapena nyama, poti zimenezi zimasunga mimba nthawi yaitali. Yendani mwandawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata. Kukwera sikelo kamodzi pa sabata n'kokwanira, m'mawa musanadye, ndipo muziyezanso chiuno ndi tepi. Theka la kilogalamu pa sabata ndi liwiro labwino. Ngati mukumwa mankhwala ena alionse, kapena mukumva kutopa ndi kuzizidwa kosadziwika bwino, mukaonane ndi dokotala wanu, chifukwa mankhwala ena ndi matenda a chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi, amalepheretsa kuwonda.

Adokotala, mkazi wanga anataya shuga woyera yense m'nyumba. Pano tikugwiritsa ntchito uchi ndi shuga wabulauni, ndipo m'mawa uliwonse amatifinyira juwisi wa malalanje. Koma zipatso zenizenizo akutiletsa, akuti nazonso zili ndi shuga. Zikundisokoneza.

Bambo, ndiyankhule mosamala kuti ndisayambitse mlandu panyumba, koma mayi achita mosemphanitsa. Shuga wabulauni ndi shuga yemweyo, wangotsala ndi timadzi takuda ta nzimbe timene timamupatsa mtundu ndi kafungo. Michere imene ilimo ndi yochepa kwambiri moti siingasinthe kanthu. Uchi nawo pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse ndi shuga, gulukozi ndi fulakitozi yemwe uja, ndipo popeza ndi wolemera, supuni ya uchi ili ndi makalori ambiri kuposa supuni ya shuga. Ngati mumaukonda kakomedwe kake, idyani, koma muziuwerengera pa masupuni aja. Ndipo mwana wosakwana chaka asapatsidwe uchi, chifukwa ungakhale ndi tizilombo toyambitsa matenda oopsa olefula minofu.

Za zipatso ndiye zatembenuzidwa kwenikweni. Lalanje lathunthu lili ndi ulusi ndi madzi, mumalisenda, mumalitafuna, shuga wake amalowa m'magazi pang'onopang'ono, ndipo mukadya awiri mwakhuta. Kapu imodzi ya juwisi imatha malalanje atatu kapena anayi, ulusi wake n'kutayidwa, ndipo shuga wa m'kapumo sasiyana kwenikweni ndi wa zakumwa za m'botolo. N'chifukwa chake WHO imawerengera juwisi pa shuga woyenera kuchepetsa, koma siwerengera chipatso chathunthu kapena shuga wachilengedwe wa mumkaka. Bwezerani zipatso patebulo, chofinyiracho chipume.

Ndine mtsikana wa zaka 24. Ndinasintha n'kuyamba kumwa zakumwa zolembedwa kuti zilibe shuga. Ndawerenga kuti zimayambitsa khansa. Ndisiye?

Chemwali, nkhani ya khansayo inabuka mu July 2023, pamene nthambi ya WHO yofufuza za khansa, IARC, inaika chotsekemeretsa chotchedwa aspartame m'gulu la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa. Gulu limenelo ndi la zinthu zimene umboni wake ndi wochepa. Nthawi yomweyo komiti ina ya akatswiri oona za zothira m'zakudya sinasinthe malire ake, omwe ndi mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku. Munthu wa makilogalamu 70 angafike pamenepo atamwa zitini zoposa 9 tsiku lililonse. Chitini chimodzi chisakusowetseni tulo.

Funso lina n'lakuti kodi zimathandiza kuwonda. Mu May chaka chomwecho WHO inalangiza kuti anthu asadalire zotsekemeretsa zimenezi pochepetsa thupi, chifukwa phindu lake silinaoneke bwino pakapita nthawi yaitali. Maganizo anga ndi akuti kwa munthu amene ankamwa mabotolo awiri a zotsekemera patsiku, kusinthaku ndi sitepe yabwino. Koma kukhale ngati mlatho wopita ku madzi, osamangapo nyumba. Lilime limazolowera: mukachepetsa kutsekemera kwa masabata angapo, zimene munkamwa kale zimayamba kumveka zotsekemera mopitirira muyeso. Dziwaninso kuti zakumwa zimenezi zili ndi asidi amene amadya mano ngakhale mulibe shuga.

Adokotala, bambo anga ali ndi matenda a shuga ndipo amabaya insulini. Ine ndili ndi zaka 35, ndili ndi kamimba, ndipo ndimakonda zotsekemera. Kodi shuga ndi amene anawadwalitsa? Ine ndipulumuka ndikasiya? Kunyumba tinabisa shuga yense kuti bambo asamuone.

Achimwene, dzina la matendawa limasocheretsa anthu. Mtundu woyamba, umene kawirikawiri umayamba munthu ali mwana, umabwera chitetezo cha m'thupi chikawononga timaselo ta m'chiwalo chotchedwa kapamba topanga insulini, amene amathandiza shuga kuchoka m'magazi n'kulowa m'minofu, ndipo zimenezi sizikhudzana ndi zimene munthu anadya. Mtundu wachiwiri, umene uli ndi odwala pafupifupi 9 mwa 10 alionse, umayamba thupi likasiya kumvera insulini. Zimene zimaukoka ndi chibadwa cha kumtundu, msinkhu, kukhala osagwira ntchito zolimbitsa thupi, ndi mafuta ochuluka, makamaka a pamimba ndi a m'chiwindi. Shuga amalowamo kudzera m'kunenepa, ndipo anthu omwa zotsekemera tsiku ndi tsiku amapezeka ndi matendawa kwambiri kuposa anzawo. Koma pali ena amene sanakondepo zotsekemera n'kudwala, choncho musawaimbe mlandu bambo.

Inu muli ndi zifukwa ziwiri zokhalira tcheru, magazi akumtundu ndi kamimbako. Chachiwiricho chili m'manja mwanu. Kafukufuku wamkulu wa ku United States amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002 anatsatira anthu amene shuga wawo anali atayamba kukwera. Amene anathandizidwa kuti achepetse 7 peresenti ya kulemera kwawo ndi kuchita zolimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata, chiopsezo chawo chodwala chinatsika ndi 58 peresenti. Kwa munthu wa makilogalamu 90, pamenepo tikunena makilogalamu 6 okha. Kusiya zakumwa zotsekemera ndi poyambira pabwino, koma chofunika n'chakuti chiuno chibwerere. Pitani mukayezetse magazi musanadye kanthu m'mawa. Shuga wa m'magazi akapezeka pa 7.0 kapena kupitirira pa muyeso wa mmol/L, ndipo n'kubwerezanso chimodzimodzi tsiku lina, amenewo ndi matenda a shuga. Musadikire ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku kapena zilonda zosapola, chifukwa matendawa amatha zaka ali phee.

Koma chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi chiganizo chomalizacho. Munthu wobaya insulini, kapena womwa mapiritsi monga glibenclamide, shuga wake akhoza kutsika kwambiri akachedwa kudya kapena akagwira ntchito yolemetsa. Amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira, mtima kuthamanga, kuyankhula zosokonekera ngati waledzera. Nthawi imeneyo shuga ndiye mankhwala. Apatseni magalamu 15, omwe ndi masupuni ang'onoang'ono anayi osungunula m'madzi, kapena theka la kapu ya juwisi. Dikirani mphindi 15, muwayeze ngati muli ndi kachipangizo koyezera, ndipo ngati sanatsitsimuke bwerezani, kenako adye chakudya chenicheni. Akakomoka musawathire kalikonse m'kamwa, angatsamwe. Agonekeni cham'mbali n'kuthamangira nawo kuchipatala. Tulutsani shuga munabisayo lero lomwe, muike pamalo pamene aliyense m'nyumbamo akupadziwa, ndipo bambo aziyenda ndi maswiti angapo m'thumba.