Kodi mkazi wa pa Nyimbo ya Solomo 5 ndi wodzikuza?

Achimwene, mwafunsa ngati mkazi wa pa Nyimbo ya Solomo 5:2-7 akuimira mtima wodzikuza. Yambani ndi zimene zalembedwa. Mwamuna akugogoda usiku, mutu utanyowa ndi mame. Mkazi akuti wavula kale malaya, wasambanso mapazi. Ine ndimaona kunyada kwa wokondedwa, kufuna kuchondereredwa, osati kukana. Koma akamatsegula, mwamuna wapita.

Yerekezerani ndi 3:1-4. Kumeneko mkazi akufunafuna mwamunayo usiku mumzinda, alonda a mzindawo sakumukhudza, ndipo iye akumupeza msanga wokondedwayo. Koma pa 5:7, akufunafunanso mwamunayo, alonda akumumenya n'kumulanda chofunda. Kuchedwa kwamudyera.

Omasulira mwauzimu monga Origen, mphunzitsi wachikhristu wakale, ankati mkaziyu ndi mpingo kapena moyo wa munthu. Ambiri amalakwitsa pofuna tanthauzo lobisika paliponse, mpaka pa chotsekera chitseko chotchulidwa pa 5:5.