TV ikungolemba "No Signal"

Funso: Amalume, ndikulemba kuchokera ku Mufakose kuno ku Harare. Achibale a ku Dedza atumiza kanema wa chinkhoswe cha mlongo wanga, ndipo agogo, amene anachoka kumudzi adakali mtsikana, akufuna amuonere pa TV poti maso awo saona bwino pa laputopu. Ndalumikiza waya wa HDMI koma TV ikungolemba "No Signal". Laputopuyo ndi ya Windows 10, ndinagula yogwiritsidwapo kale ntchito. Kodi yafa?

Yankho: Mphwanga, usathamangire kukwera kombi kupita nayo kwa okonza m'tauni. Ndikuganiza kuti sinafe, kungoti ziwirizi sizinachitirane malonje. Ukalumikiza waya, TV imayenera kudzitchula kwa kompyuta, kunena dzina lake ndi kukula kwa chithunzi chimene ingalandire. Amisiri amati EDID. Malonjewa akalephereka, kompyuta imangokhala duu ngati palibe mlendo.

Yamba ndi rimoti. Kuseri kwa TV mabowo ali ndi manambala, HDMI 1, HDMI 2. Ona pamene walowetsa waya, dina Source kapena Input, usankhe nambala yomweyo. Ine ndinatayapo madzulo onse pa chimenechi, ndikukalipira waya wosalakwa.

Zikakanika, pita pa laputopu. Dina batani la Windows pamodzi ndi P, usankhe Duplicate. Ikakhala pa "PC screen only" situmiza kalikonse kunja. Kenako tsegula Settings, System, Display, utsike mpaka pa Multiple displays, udine Detect.

Ikanena kuti sinapeze china, abwereze malonje aja. Zimitsa zonse, zula TV pakhoma, dikira mphindi imodzi. Kungozimitsa ndi rimoti sikukwanira, makamaka magetsi akakhala kuti anathima n'kubwera mwadzidzidzi monga achitira kwathu kuno. Yatsa TV poyamba, waya uli kale m'malo mwake, laputopu pambuyo. Ukhozanso kudina Windows, Ctrl, Shift ndi B nthawi imodzi. Sikirini iphethira, ndiye kuti pulogalamu yoyendetsa zithunzi yadzukanso.

Nthawi zina dzina la TV limaoneka mu Display koma chithunzi osabwera. Apo mwina kompyuta ikutumiza chithunzi chachikulu kuposa mphamvu za TV. Ma TV ambiri a mainchesi 32 ndi a 1366 x 768 basi. Sankha TV-yo mu Display, utsitse resolution, kutanthauza kukula kwa chithunzi, ifike pa 1280 x 720.

Waya umukayikire pomaliza. Bwereka wa pa dikoda ya aneba uyesere usanatulutse ndalama, chifukwa mawaya otchipa aja amaduka m'kati kunja akuoneka abwinobwino.

Chithunzi chikabwera koma mawu akutulukabe pa laputopu, dina kachizindikiro ka sipika pansi kumanja, usankhe dzina la TV. Agogo amve bwino zimene ankhoswe analankhula, ndipo undiperekere moni kwa iwo.