Timaluwa tachikasu tomera tokha, chonde musatchetche

Mayi wina wa mumzinda wa Leeds kuno ku UK wanditumizira imelo, akuti panyumba ya lendi pamera timaluwa tachikasu toyera kunsonga, timatseguka dzuwa likawala n'kutsekeka madzulo, ndiye akufunsa ngati azule. Mayi, musayerekeze, timeneto tikuoneka kuti ndi timaluwa ta mtundu wa tulip, tomera kuchokera ku kaanyezi ka pansi pa dothi.

Funso lanuli landikumbutsa zowawa. Nyumba yoyamba yomwe ndinakhala kuno ku UK inali ndi kagadeni kuseri, ndipo Epulo wina timaluwa tomweti tinangotulukira m'mbali mwa mpanda, kaya anadzala ndi agogo ena omwe ankakhalamo kale. Ndikaweruka ku naiti ndinkayamba ndakhala kaye panja ndi kapu ya tiyi kudikira kuti titseguke, tulo tili m'maso. Maluwa atangoyoyoka landilodi anatumiza mnyamata wa makina otchetchera, masamba adakali obiriwira, anameta zonse mpaka pansi ati pazioneka pa ukhondo. Chaka chotsatira masamba okhaokha, duwa olo limodzi. Mpaka lero zimandinyansa, chifukwa masamba amenewo ndi amene amadyetsa kaanyezi kali pansiko kuti kadzathe kutulutsanso maluwa.

Mmene mwafotokozeramu ndi tulip wamng'ono wotchedwa Tulipa tarda ameneyo, makamaka ngati ndi tatifupi, masentimita 10 kapena 15, ndipo kaanyezi kamodzi kakutulutsa maluwa angapo. Kwawo ndi kumapiri a Tien Shan ku Central Asia, kozizira koopsa koma chilimwe kumauma gwa. Ma tulip akuluakulu aja a ku Holland odzadza m'mashopu ine ndinasiya kugula, ndi kutaya ndalama basi, chaka chimodzi amachita kukongola ngati akwati kenako amangofookera. Tating'onoti timabwerera chaka ndi chaka n'kumachulukana tokha popanda wotinyengerera. Anthu a ku Holland omwewo pa njala ya 1944 mpaka 1945 anafika podya anyezi wa ma tulip, koma inu musayese, amadwalitsa, ndipo musasunge kukhitchini pafupi ndi anyezi weniweni.

Ndiye mutani?

Siyani masambawo afote okha, masabata ngati 6. Mukafuna tina dzalani mu Novembala, kuya masentimita 10, padzuwa, ndipo ngati dothi ndi lamakande sakanizani timiyala chifukwa madzi akamadikha timawola. Agologolo amafukula, yalani waya wa khola la nkhuku pamwamba. Poti ndi pa lendi, tina ikani m'mapoti, mudzanyamule posamuka.