Achimwene, musasiye kulima chifukwa cha deti la mlaliki

Mwafunsa ngati mumvere mlaliki amene akuti Yesu abwera chaka chino, choncho kulima n'kutaya nthawi. Chonde achimwene, gwirani khasu mvula isanakupezeni opanda mizere.

Pa Mateyu 24:36 Ambuye ananena okha kuti tsikulo ngakhale angelo salidziwa, koma Atate yekha. Ku America, otsatira mlaliki William Miller anatenga masiku 2,300 a pa Danieli 8:14 ngati zaka, nadikira pa 22 Okutobala 1844. Kunacha ngati masiku onse, ena atasiya mbewu m'munda osakolola. Mlaliki wina wa ku America, Harold Camping, nayenso anatchula 21 Meyi 2011, osachitika kanthu.

Zizindikiro sindikuzikana ayi. Namondwe Freddy atakokolola nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023, ndinaona amayi akufukula matope ndi manja kufuna ana awo, ndipo mtima wanga unathamangira ku Mateyu 24. Koma pomwepo Yesu akuti nkhondo, njala ndi zivomezi ndi chiyambi chabe cha zowawa.

Paulo anadzudzula a ku Tesalonika amene analeka ntchito. Werengani 2 Atesalonika 3:10 pamodzi ndi alamu anga usiku uno, mawa mukagule mbewu.